Luso la zisudzo ndili nalo kale: nanga zaka zinayi za ku yunivesite zindionjezera chiyani?

Funso: Ndamaliza Fomu 4 ndipo ndakhoza bwino. Kuyambira Fomu 1 ndakhala ndikuchita zisudzo, ndipo gulu la pasukulu pathu linafika patali pa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale wa ATEM, ine ndikusewera mbali yaikulu. Ndikufuna kukaphunzira zisudzo ku yunivesite, koma bambo akuti kumeneko n'kutaya fizi poti luso ndili nalo kale. Nanenso nditamva kuti kumeneko amaphunzitsanso za magetsi, kumanga siteji ndi mbiri ya Agiriki, mtima unabwerera m'mbuyo. Ine ndikungofuna kusewera basi. Kodi zaka zinayi zimenezi zindionjezera chiyani? (Mtsikana wa ku Dedza)

Yankho: Achemwali, bambo anu akunena zoona pa mfundo imodzi, ndipo tiyambire pomwepo. Palibe yunivesite imene imagawa luso. Ambiri mwa anthu amene aseketsa ndi kuliritsa Amalawi pa siteji ndi pa wailesi anaphunzirira ntchitoyi m'magulu, m'matchalitchi ndi m'maholo a sekondale, ndipo gulu ngati Kwathu lakhala sukulu palokha kwa zaka zambiri. Choncho sindikunamizani kuti popanda digiri simungatchuke. Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti luso lobadwa nalo limabwera tsiku limene lafuna, pamene munthu wophunzitsidwa amatha kuliitana tsiku lililonse, kaya wadzuka ndi chimfine, kaya m'holo muli anthu 15 okha, kaya mnzake waiwala mawu pakati pa sewero. Mayi amene amaphika nsima yokoma ya anthu asanu pakhomo pake amatha kuipsereza akamuika pa chimphika cha paukwati. Dzanja ndi lomwelo, koma ntchito yakula.

Taganizani za Du Chisiza. Mu 1982, ali pa sekondale ya HHI ku Blantyre, sewero limene analemba yekha linapambana mpikisano wa sukulu za sekondale, womwewo umene inu mwachokerako. Luso lake linali litaonekera kale poyera. Komabe ananyamuka kukaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, ku America, ndipo atabwerako ndi pamene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Ankalemba yekha, kutsogolera yekha, kusewera, kuyang'anira kavinidwe, n'kumayenda ndi gulu lake m'maholo a dziko lino mpaka pamene anamwalira mu 1999. Munthu amene amangodziwa kusewera basi sakanasenza zonsezo.

Ndikuuzeni chimene chimachitika m'masabata oyambirira a kalasi ya kasewero, chifukwa n'chimene chimadabwitsa kwambiri ana amene ankaomberedwa m'manja ku sekondale. Mphunzitsi amaimika wophunzira pakati n'kumuuza kuti: m'chipinda muno mwatayika ndalama ya fizi ya mng'ono wako, ifune. Wophunzira uja amagwira mutu ndi manja onse awiri, amafuula kuti "Mayo ine!", amathamangira uku ndi uko, nkhope italoza kwa anzake amene akuonerera. Wachita zonse, koma sanasuzumire ngakhale pansi pa mpando. Kenako mphunzitsi amamutulutsa panja, amatenga foni ya wophunzirayo n'kuibisa penipeni m'chipindamo, n'kumuuza kuti akapanda kuipeza m'mphindi ziwiri aiona mawa. Mukanaona mmene thupi limasinthira. Kukuwa konse kumatha. Amagwada, amatukula mphasa, amapisa dzanja m'thumba lomwelo katatu ngakhale akudziwa kuti mulibe kanthu, amaima chilili n'kumayesa kukumbukira. Anzake amene amaseka poyamba paja amakhala chete, maso onse ali pa iye. Poyamba ankaonetsa anthu kuti ali ndi nkhawa. Kachiwiri ankafuna chinthu, ndipo nkhawa inabwera yokha.

Maphunziro otere amachokera kwa Konstantin Stanislavski, wa ku Russia, amene anayambitsa Moscow Art Theatre mu 1898 pamodzi ndi Vladimir Nemirovich-Danchenko. Iyeyo ankavutika ndi funso lomwe ndakutchulirani lija, lakuti wosewera angatani kuti achite bwino usiku uliwonse osadikira mwayi. Yankho lake linali lakuti mtima sulamulika, koma zochita zimalamulika. Choncho musanalowe pa siteji mumadzifunsa kuti ndine yani, ndikuchokera kuti, ndikufuna chiyani kwa munthu amene ndaima nayeyu, ndipo chikunditsekereza n'chiyani.

Titenge nkhani imene imabwera kawirikawiri m'masewero athu: mayi wamasiye, maliro angotha kumene, alamu ake abwera kudzatenga katundu. Pa siteji ya kusekondale mayiyo amayamba kulira alamu asanakhale n'komwe pansi, ndipo amalira mpaka kumapeto. Wophunzitsidwa amafunsa kaye kuti mayiyu akufuna chiyani. Tinene kuti akufuna asamulande makina osokera, chifukwa ndi amene adyetse ana. Ndiye amawayalira alamuwo mkeka, amawapatsa madzi atagwada, amawatchula ndi mfunda wawo, amawakumbutsa mmene malemu ankawakondera, kwinaku akusendera pang'onopang'ono kuti thupi lake libise makinawo. Sakulira, chifukwa akalira walephera. Misozi ikutuluka mwa oonerera. Kuti mufike pochita zimenezi mwadala, n'kuzibwereza Loweruka ndi Lamlungu mosasintha, pamafunika munthu wakunja amene akukuonani tsiku ndi tsiku n'kumakuuzani kuti apo mwanama, bwerezani. Anzanu a m'gulu sangakuuzeni zimenezo, makamaka ngati ndinu amene mumawabweretsera chikho.

Ndisabise, mpikisano wa ATEM, umene unayamba mu 1969, wachita zazikulu m'dziko muno, ndipo ochita zisudzo ambiri odziwika anabadwira mmenemo. Koma uli ndi kasewero kake kamene kamakhazikika m'thupi: kulankhula Chingerezi mokweza ngati ukulakatula, kuima moyang'ana kutsogolo nthawi zonse, kudikira kuti mnzako amalize kuti iwe unene zako. Chaka choyamba cha ku yunivesite chimathera kwambiri pochotsa zimenezi, ndipo chimawawa. Chovuta kuposa zonse ndi kuphunzira kumvetsera mnzako pa siteji ngati kuti zimene akunenazo ukuzimva koyamba, pamene wazimva kambirimbiri pokonzekera.

Palinso mawu ndi thupi. Munaseweranapo m'holo ya malata mvula n'kuyamba? Wosaphunzitsidwa amalimbana ndi mvulayo ndi pakhosi, ndipo pofika mawa lake mawu asasa. M'kalasi mumagona chagada pansi, dzanja pamimba, n'kuphunzira kukokera mpweya pansi kuti nthiti zitambasuke mapewa osakwera, mpaka mawu azifika kumpando wotsiriza popanda kukuwa. Mumaphunzira kumaliza mawu, chifukwa mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu ndipo munthu akatopa amameza mathero amenewa, wa kumbuyo n'kumangomva phokoso. Mumaphunzira kugwa osavulala, kuyenda ngati gogo osachita kupinda msana mokokomeza, ndi kumenya mbama ya pa siteji, imene dzanja silifika n'komwe patsaya ndipo phokoso lake limapangidwa mobisa ndi manja ena. Ndimadandaula ndikaona magulu akumenyana mbama zenizeni poganiza kuti ndiye kusewera mwamphamvu. Mbama yofikira pakhutu imatha kugonthetsa munthu.

Ndipo Stanislavski si mapeto a nkhani. Mudzamva za Bertolt Brecht wa ku Germany, amene sankafuna kuti oonerera atengeke mpaka kuiwala kuganiza, ndiye ankafuna wosewera azitha kulowa mwa munthu amene akumusewera n'kutulukamo, kulankhula ndi anthu, kuimba nyimbo, n'kubwereranso. Wophunzira wa ku Dedza akamva zimenezi amazindikira msanga, chifukwa ndi momwe agogo amafotokozera nthano: akati "Padangokhala" inu n'kuvomera kuti "Tili tonse", amasanduka kalulu, amasanduka fisi, amaima n'kukufunsani, amayambitsa nyimbo inu n'kuvomera. Zimenezi mwakula nazo. Sukulu imakuthandizani kuziona ngati njira yogwirira ntchito imene mungaisankhe dala pamene sewero likuifuna.

Tsopano za magetsi ndi matabwa, zimene zakubwezani mtima. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndikutsutsana nanu kwambiri.

M'nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku London kapena ku Johannesburg, wosewera amafika n'kupeza zonse zakonzedwa: wa magetsi ndi wina, wa zovala ndi wina, womanga siteji ndi wina. Kuno gulu la anthu 8 limatsika minibasi cha m'ma 11 koloko m'mawa, sewero likuyamba masana omwewo, n'kupeza holo ili ndi mababu awiri, soketi imodzi ndi mazenera opanda makatani. Amene aganize kuti tiima pati, tilowera kuti, nsalu timangirira pati, ndi inu nomwe osewera. Ngati palibe mmodzi wa inu amene akudziwa, luso lanu lonse lija lionekera theka.

Chitsanzo chake ndi ichi. Magulu ambiri amakonda kupachika nsalu yoyera kumbuyo chifukwa imaoneka yaukhondo. Koma diso la munthu limathamangira chinthu chowala kwambiri, ndipo limadzichepetsa lokha kuti lisathobwe. Muike munthu wa khungu lakuda ngati lathuli patsogolo pa nsalu yoyera yowalitsidwa ndi magetsi, nkhope yake imasanduka mthunzi. Mayi wamasiye uja atha kusewera bwino kwambiri ndi maso ndi milomo, wa pa mzere wachisanu osaona kanthu. Musinthe nsaluyo ikhale yoderapo, nkhope imatulukira. Babu lolendewera pamwamba penipeni pa mutu limasiya mdima m'maenje a maso. Nyali yochokera pansi imaopsetsa nkhope. N'chifukwa chake mumaphunzitsidwa kuika nyali kutsogolo chakumwamba, mopendekeka pafupifupi madigiri 45, ina kumanja ina kumanzere, ina ya mtundu wofunda ina wozizirirapo, njira imene Stanley McCandless wa ku yunivesite ya Yale anaifotokoza mu 1932. Koma njirayi inakonzedwa poyang'ana nkhope zoyera, ndiye mumayenera kuyesa nokha pa nkhope zathu. Mudzapeza kuti kuwala kobiriwira kumatuwitsa khungu lakuda ngati la munthu wodwala, pamene kofiirira ngati dzuwa la madzulo kapena kwa pinki kumalipatsa moyo. Wosewera amene akudziwa zimenezi amamva kutentha kwa nyali patsaya pake n'kudziwa kuti waima pabwino. Amene sakudziwa amalankhula mawu ake ofunika kwambiri ataima mumdima.

N'chimodzimodzi ndi zovala. Mayi wosauka wa m'sewero akalowa atavala chitenje chatsopano, mizere ya kupinda kwa mu shopu ikuonekabe, amayi amene ali m'holo amaona nthawi yomweyo, ndipo amasiya kumukhulupirira. Ndiye mumaphunzira kukalambitsa nsalu: kuichapa kangapo, kuiviika mu tiyi, kuiyanika padzuwa, kusoka chigamba pamene chigamba chimakhaladi. Mumaphunzira kuti kamangidwe ka chitenje kamanena za munthu asanatsegule pakamwa. Pa zomanga, musanagule ngakhale thabwa limodzi mumapanga kasiteji ka makatoni kochepa ka 25 kuyerekeza ndi kenikeni, mmene munthu wotalika mamita 1.75 amakhala kachidole ka masentimita 7. Mumawerama n'kusuzumira kuchokera kumbali, kumene kudzakhale wa pampando wa kukona, n'kupeza kuti khoma limene mumalinyadira lija likubisa khomo limene munthu wofunika adzalowere. Kukonza cholakwika chimenechi pa katoni sikudya ndalama. Kuchikonza mutakhoma kale matabwa kumadya ndalama ya thiransipoti ya gulu lonse.

Pa ntchito zonse za kuseri, imene ndimafuna wophunzira aliyense aigwireko ndi ya stage manager. Ameneyu amakhala ndi buku limene tsamba lina kuli mawu a sewero, tsamba linalo n'lopanda kanthu, ndipo amalembamo ndi pensulo chilichonse: uyu alowera kumanzere, akhala pansi pa mawu akuti, nyali ya nambala 14 izima mayi akatseka chitseko, ng'oma iyamba apa. Amajambula ndi choko patebulo malo a chipangizo chilichonse, kalata apa, lichero apa, chikwanje chamtengo apa, kuti akangoponya diso adziwe chimene chikusowa. Tsiku la sewero wotsogolera amakhala pansi ngati woonerera wina aliyense, ndipo chilichonse chimayenda ndi mawu a stage manager. Magetsi akazima pakati pa sewero, iyeyo ndi amene anaganiza kale za nyali za batire ndi mafuta a jenereta. Munthu amene wagwirako ntchito imeneyi sachedwanso pokonzekera, sasiya chipangizo paliponse, ndipo sanyoza mnyamata amene akukoka katani. Otsogolera masewero amadziwana, ndipo amauzana kuti uyu ndi wosavuta kugwira naye ntchito, uyu ndi waluso koma ndi mutu wopweteka. Ntchito zambiri zimapita kwa woyambayo.

Musaganize kuti zonsezi zimafuna zipangizo zodula. Jerzy Grotowski wa ku Poland, m'zaka za m'ma 1960, ankaphunzitsa kuti zisudzo zikhoza kuchotsa chilichonse n'kutsala ndi wosewera ndi woonerera. Ku South Africa, nthawi ya tsankho, Percy Mtwa ndi Mbongeni Ngema pamodzi ndi Barney Simon anakonza Woza Albert! mu 1981, sewero la amuna awiri okha, mabokosi amatabwa ndi zovala zochepa zopachika pambali, ndipo linayenda m'maiko ambiri. Koma kuchepa kwa zinthu kumeneko kunali kosankhidwa ndi anthu odziwa chimene bokosi limodzi lingachite. N'kosiyana ndi kuunjika masofa, tebulo ndi maluwa apulasitiki pa siteji kenako osewera n'kusowa poyenda.

Za mbiri. Mwatchula Agiriki ngati kuti ndi anthu akutali kwambiri ndi inu. Ku Athens, zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe, masewero a Aeschylus, Sophocles ndi Euripides ankachitikira panja, masana, pa chikondwerero cha chipembedzo cholemekeza Dionysus. Panali gulu loimba ndi kuvina pabwalo lozungulira, osewera anali amuna okhaokha ndipo ankavala zophimba kumaso. Bwalo la ku Epidaurus, limene lilipobe mpaka lero, linkalowa anthu pafupifupi 14,000 popanda chimkuzamawu. Inu amene mwakulira kufupi ndi bwalo, ng'oma zikulira, amayi akuimba ndi kuomba m'manja, khamu litazungulira, mukhoza kumvetsa zimenezi msanga kuposa mwana amene anangoona zisudzo m'nyumba yamdima yokhala ndi katani. Ndinene mosamala apa: Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi Vimbuza, ndi mwambo wokhala ndi eni ake ndi malamulo ake, si sewero loti aliyense angalitenge n'kukaika pa siteji. Funso lakuti malire a mwambo ndi zisudzo ali pati ndi limodzi mwa mafunso amene mudzakangana nawo kwambiri m'kalasi, ndipo n'loyenera kukanganirana. Koma mukadzaona kuti siteji yokwezeka yokhala ndi katani kutsogolo inabwera mochedwa m'mbiri ya zisudzo, mudzasiya kuganiza kuti kusewera pansi pa mtengo wa mango ndi kusowa pogwira.

Mbiri imene ndikufuna muidziwe kwambiri ndi yathu yomwe. Mu 1968 boma linakhazikitsa lamulo loyang'anira zosangalatsa, ndipo sewero lililonse linkayenera kupita ku Censorship Board lisanaonetsedwe. Olemba anaphunzira kulankhula mophiphiritsa, kubisa za lero m'nthano ndi m'mbiri yakale. Steve Chimombo, m'zaka za m'ma 1970, analemba sewero lochokera pa mbiri ya M'bona, ndipo oonerera a nthawi imeneyo ankadziwa kumva zimene sizinanenedwe. Nthawi yomweyo gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College linkayenda m'masukulu ndi masewero, ambiri a Chingerezi. Zinasintha mu 1981 pamene Christopher Kamlongera ndi David Kerr anapita ndi ophunzira ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, n'kuyamba kupanga masewero m'zilankhulo za anthu, ochokera pa zimene anthuwo akukumana nazo. Kuyambira 1985 njira imeneyi inagwiritsidwa ntchito m'midzi ya ku Liwonde pa nkhani za umoyo, monga zitsime ndi ukhondo. Ophunzira ankayamba akhala kaye ndi anthu n'kumva mavuto awo, sewero linkapangidwa popanda kulemba, ndipo pakati pake osewera ankaima n'kufunsa khamu kuti nanga apa titani. Sizinali zathu zokha. Ku Zambia kunali zisudzo za Chikwakwa, ku Botswana kunali za Laedza Batanani kuyambira 1974, ndipo Augusto Boal wa ku Brazil ankaitana woonerera kuti akwere yekha n'kuyesa kusintha mathero a sewero. Ku Kenya, anthu a m'mudzi wa Kamiriithu anamanga bwalo lawo n'kusewera m'Chikikuyu mu 1977. Boma linaletsa sewerolo, linatsekera Ngugi wa Thiong'o m'ndende, ndipo mu 1982 linagwetsa bwalolo.

Mbiri imeneyi ndi imene idzakudyetseni. Ntchito yambiri yolipidwa imene omaliza maphunzirowa amaipeza ndi ya mabungwe amene amafuna masewero a za umoyo, za ulimi, za zisankho, za maukwati a ana. Ndipo yambiri imachitidwa moipa: gulu limatsika galimoto, limaseketsa anthu kwa kanthawi, wina amaima n'kulalikira uthenga umene anapatsidwa mu ofesi, amajambula zithunzi za lipoti, n'kumapita. Anthu a m'mudzi amaomba m'manja mwaulemu, zinthu n'kukhala momwe zinalili. Amene anawerenga za Liwonde, za Boal ndi za Kamiriithu amadziwa kusiyana kwa kulalikira anthu ndi kufufuza nawo limodzi, ndipo amatha kukana pamene bungwe likufuna kumusandutsa chimkuzamawu chabe.

Tifike pa ndalama, poti ndi pamene pali mtima wa bambo anu. Ndi anthu ochepa kwambiri m'dziko muno amene amakhalira ndalama zolowera pakhomo la holo zokha. Maholo ndi odula kubwereka, malo omangidwira zisudzo ndi ochepa, ndipo anthu ambiri masiku ano amaonera pa foni. Digiri siisintha zimenezi. Chimene imachita n'kukutsegulirani makomo angapo nthawi imodzi: masewero a pa wailesi, amene Amalawi awakonda kuyambira nthawi ya Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC, a pa kanema, mafilimu, kulemba ndi kutsogolera, zotsatsa malonda, ntchito za mabungwe ndatchula zija, kuphunzitsa, ndi maphunziro apamwamba kunja. Ambiri amaphatikiza ziwiri kapena zitatu. Ndiponso pali ntchito zimene amangofuna kuti munthu akhale ndi digiri, kaya ndi ya chiyani, ndipo munthu wodziwa kuima pagulu, kulemba bwino ndi kuyendetsa anthu 20 kuti chinthu chiyambe pa nthawi yake sakhala wotsalira. Ngati pali mwayi wophatikiza zisudzo ndi phunziro lina, monga zofalitsa nkhani, zilankhulo kapena uphunzitsi, utengeni. Si kugonja, ndipo bambo anu adzapumako.

N'kutheka kuti palinso nkhawa ina imene bambo sanainene: mwana wamkazi kumachoka usiku kokonzekera, kumagona m'maulendo ndi gulu, anthu n'kumamunena. Nkhawa imeneyi musaipeputse, chifukwa alipo otsogolera ena amene amafuna kulipidwa ndi thupi kuti akupatseni mbali. Woteroyo mumusiye tsiku lomwelo ndipo muuze akuluakulu, mbali ikhale yaikulu bwanji. Koma muwakumbutsenso bambo za Gertrude Kamkwatira, amene anatsogolera Wakhumbata Du Chisiza atamwalira, kenako n'kuyambitsa gulu lake la Wanna Do, akulemba ndi kutsogolera yekha mpaka imfa yake mu 2006. Mtsikana amene akudziwa kulemba, kutsogolera ndi kuwerengera ndalama za sewero sadikira kuti wina amukomere mtima.

Sindikuti aliyense wokonda siteji apite. Kumeneko mudzawerenga kwambiri, mudzalemba zimangirizo zazitali m'Chingerezi, chaka chomaliza mudzachita kafukufuku wanu, ndipo padzakhala semesita imene mbali yanu m'sewero idzakhala kunyamula mabenchi. Ngati chimene mumakonda ndi kuomberedwa m'manja kokha, zaka zinayi zidzakutalikirani. Pali njira yodziyesera musanalembe fomu. Pa miyezi imene mukudikirayi, pezani gulu lililonse la kufupi nanu, la kutchalitchi kapena la achinyamata, mupemphe kuti pa sewero limodzi lathunthu musakwere pa siteji. Musunge buku, muyang'anire zovala, mufike woyamba ndi kuchoka womaliza. Mukadzapeza kuti tsiku la sewero mtima ukugundabe mutaima kuseri kwa nsalu, pensulo ili m'manja, lembani fomuyo.

Malo odziwika kwambiri pa maphunzirowa ndi ku Zomba, ku Chanco, imene kuyambira 2021 ndi yokhayo imene ikutchedwa University of Malawi. Maina a mapulogalamu ndi zofunika polowera zimasintha, ndiye werengani bwino chilengezo cha NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, cha chaka chimene mukulembera, makamaka magiredi a Chingerezi. Ngati mungathe, pitani ku Zomba nthawi imene ophunzira akuonetsa masewero awo a mayeso, ndipo mupite ndi bambo anu. Sewero likatha musathamangire kutuluka. Mupemphe kulankhula ndi wophunzira wa chaka chachinayi, bambo amufunse okha zimene waphunzira ndiponso kumene anzake amene anamaliza chaka chatha akugwira ntchito.